NYUMBA ZA ASILIKALI OBWERA KU NKHONDO: NKHANI YA LEVITTOWN



Ambiri a inu munamvapo maina a makampu a asilikali a dziko lathu: Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ku Lusaka ndi Gondar ku Chipata. Maina amenewa si a cinenero ciri conse ca kuno kwathu. Ndi maina a malo a ku Somaliland, ku Burma ndi ku Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 kufikira 1945, nkhondo imene makolo athu a gulu la Northern Rhodesia Regiment anamenya nao. Nkhondo ikatha msilikali amabweza mfuti, nabvula yunifomu, ndipo funso limene limayamba kumsautsa ndi lakuti, kodi ine ndi banja langa tikagona kuti? Lero tiona m'mene dziko la America linayankhira funso limeneli nkhondo yomweyo itatha. Makamaka tiona mbali imene inagwiridwa ndi khonsolo, ndiye kuti boma laling'ono la m'tauni, pakuti nthawi zina mau amodzi a khonsolo ndiwo amene amacititsa kuti nyumba zimangidwe kapena zisamangidwe.

MPHAMVU ZA KHONSOLO

Munthu akafuna kumanga nyumba m'tauni sangotenga khasu ndi kuyamba kukumba maziko. Amayamba wapita ku khonsolo ndi pulani ya nyumba yace. Kumeneko amalipira ndalama kuti pulaniyo iyesedwe, amalipiranso kuti amlumikizire madzi, ndipo nyumba ikatha amapereka msonkho caka ndi caka. Ndalama zimenezi ndizo zimene zimakonza miseu ndi ngalande, ndipo ku America mbali yaikuru ya ndalama zoyendetsera masukulu imacokera ku msonkho wa nyumba womwewu. Khonsolo iri ndi malamulonso onena za kamangidwe: kuya kwa maziko, kukula kwa zipinda, ndi mtunda woyenera kukhalapo pakati pa nyumba ndi inzace.

Motero khonsolo ikafuna kukopa omanga nyumba iri ndi njira ziwiri. Ikhoza kukhululukira womangayo ndalama zina zimene akanalipira, kapena ikhoza kufewetsa lamulo limene likukweza mtengo wa nyumba. Njira zonse ziwiri zimafika pamodzi: nyumba imachipa, ndipo womanga amabwera. Sungani mfundo imeneyi m'mutu pamene tikupitirira.

MANYAZI A CAKA CA 1932

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, msilikali wa ku America anapatsidwa madola 60 ndi tikiti ya sitima yobwererera kwao. Mu 1924 nyumba ya malamulo inalonjeza asilikali akalewo mphatso ya ndalama, koma inati idzaperekedwa mu 1945. Tsono mu 1929 cuma ca dzikolo cinagwa, mafakitale anatsekedwa, ndipo anthu mamiliyoni anacotsedwa nchito. Mu 1932 asilikali akale ngati 17,000, ena pamodzi ndi akazi ndi ana ao, anasonkhana mu mzinda wa Washington kukapempha kuti ndalama zao ziperekedwe pomwepo. Anamanga zisakasa za malata akale ndi makatoni m'dambo la mtsinje wa Anacostia. Pa 28 July 1932 Pulezidenti Herbert Hoover analamula kuti acotsedwe. Asilikali a boma, motsogozedwa ndi General Douglas MacArthur, anawapitikitsa ndi akavalo ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo zisakasa zija zinatenthedwa.

Anthu a ku America sanaiwale zimene anaona tsiku limenelo, asilikali atsopano akuthamangitsa asilikali akale. Pamene nkhondo yaciwiri inali mkati, atsogoleri anadziwa kuti anthu ngati 16 miliyoni abvala yunifomu, ndi kuti tsiku lina onse otsala ndi moyo adzabwerera. Bungwe la asilikali akale lochedwa American Legion linalemba maganizo ace nkuwapereka ku nyumba ya malamulo, ndipo pa 22 June 1944 Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo limene anthu amalicha GI Bill.

Lamulo limeneli linapereka zinthu zitatu zazikuru. Coyamba, boma linalipirira msilikali wofuna kubwerera ku sukulu kapena kuphunzira nchito ya manja. Caciwiri, wosowa nchito analandira madola 20 pa mlungu kufikira milungu 52. Cacitatu cinali ca nyumba, ndipo apa mumvetse bwino. Boma silinapatse munthu ali yense nyumba yaulere iai. Linangoima pakati pa msilikali ndi banki, nkulonjeza kuti msilikaliyo akalephera kubweza ngongole, boma lidzalipira gawo lace. Poyamba linalonjeza theka la ngongole kufikira madola 2,000, ndipo mu 1945 malirewo anakwezedwa kufika madola 4,000. Pakuti banki inalibenso mantha otaya ndalama zace, inabvomera kukongoza mnyamata amene analibe ciri conse coti apereke poyamba.

NGONGOLE IRIPO, NYUMBA PALIBE

Bvuto linatsala linali lakuti nyumba zoti agulezo kunalibe. Pa zaka za kugwa kwa cuma anthu sanamange kwenikweni, ndipo pa zaka za nkhondo matabwa, zitsulo ndi amisiri zinapita ku nchito za nkhondo. Asilikali anabwerera, anakwatira, ana anayamba kubadwa, koma mabanja ambirimbiri anali kukhala m'cipinda cimodzi kwa apongozi. Ena anagona m'magalaji, ena m'nyumba za malata zimene asilikali anasiya. Mu mzinda wa Chicago, ngolo zakale 250 zoyenda pa njanje za m'miseu zinagulitsidwa kuti anthu azisandutse nyumba.

Pa cilumba ca Long Island, makilomita ngati 40 kum'mawa kwa pakati pa mzinda wa New York, panali malo ochedwa Island Trees. Anali minda ya mbatatesi, koma tizirombo ta m'nthaka tinali titayamba kuononga mbeuzo, kotero kuti alimi ambiri anali okonzeka kugulitsa minda yao. Amene anaigula anali a kampani ya Abraham Levitt ndi ana ace awiri, William ndi Alfred. Banja limeneli linali litaphunzira kumanga mofulumira pa nthawi ya nkhondo, pamene linamanga nyumba za anchito ku Norfolk m'boma la Virginia, ndipo William anatumikiranso m'gulu la amisiri omanga a nkhondo ya pamadzi. Pa 7 May 1947 iwo analengeza kuti adzamanga nyumba 2,000 za lendi, za asilikali obwera ku nkhondo. Pa masiku ocepa okha anthu anakhamukira kukalembetsa.

LAMULO LA CIPINDA CA PANSI

Koma panali cinthu cimodzi cotsekereza. Malo a Island Trees anali pansi pa khonsolo ya Hempstead, ndipo lamulo la khonsoloyo linati nyumba iri yonse iyenera kukhala ndi cipinda cokumbidwa pansi pa nthaka. Kumeneko kumazizira koopsa, ndipo m'cipinda cotero ndimo m'mene anthu anali kusungira malasha ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba. Kukumba dzenje lalikuru lotero ndi kulimangira makoma kunali kudya nthawi ndi ndalama zambiri. A Levitt anafuna kungothira silabu ya konkire pansi, kuika mipope ya madzi otentha m'kati mwa konkireyo kuti nyumba izifunda, ndi kumanga pamwamba pace. Iwo ananena poyera kuti lamulolo likapanda kusinthidwa, nyumba zochipa zija sizidzamangidwa.

Tisafulumire kuweruza anthu amene anakana. Iwo anali ndi zifukwa zao. Ena anaopa kuti nyumba zomangidwa mothamanga zidzagwa msanga, ndi kuti malowo adzasanduka komboni ya anthu osauka. Ena anafunsa kuti, nanga ana a mabanja onsewa adzaphunzira kuti, ndipo adzalipira ndani? Lamulo la kamangidwe silikhalapo pacabe. Limateteza munthu wogula amene sangathe kuona zimene ziri m'kati mwa khoma.

Nyuzipepala ya kumeneko yochedwa Newsday inaima kumbali ya asilikali, ndipo inawalimbikitsa kuti akafike okha pa msonkhano wa khonsolo. Cakumapeto kwa May 1947 asilikali akale mazanamazana, pamodzi ndi akazi ao ndi makanda m'manja, anadzaza nyumba ya msonkhano mpaka ena anaima panja. Sanabwere ndi zida iai. Anabwera kudzanena kuti alibe pogona. Khonsolo inamva, ndipo inacotsa lamulo la cipinda ca pansi. Taonani kusiyana kwace ndi 1932: kumene kuja anthu opempha anathamangitsidwa ndi akavalo, kuno anapatsidwa mpata wolankhula, ndipo lamulo linasinthidwa.

NYUMBA 30 PA TSIKU

Nchito inayamba nthawi yomweyo, ndipo kamangidwe kace kanadabwitsa dziko lonse. M'fakitale ya magalimoto, galimoto ndiyo imayenda kupita kwa anchito. A Levitt anatembenuza zimenezi: nyumba inaima pamalo pace, ndipo anchito ndiwo anali kuyenda. Anagawa nchito yomanga nyumba m'zigawo 27. Gulu lina linali lothira konkire yokha, lina loimika mafelemu a matabwa okha, lina lokhoma denga, lina lopaka utoto. Gulu likatha nchito yace pa nyumba iyi linali kusamukira pa yotsatira. Matabwa anali kufika odulidwa kale kucokera ku maceka a kampaniyo ku California, ndipo ngakhale misomali anali kupanga okha. Pamene nchito inafika pacimace, nyumba ngati 30 zinali kutha pa tsiku limodzi.

Mabanja oyamba analowa pa 1 October 1947, ndipo lendi inali madola 60 pa mwezi. Nyumba iri yonse inali ndi zipinda ziwiri zogona, cipinda cocezera, bafa, ndi khichini yokhala ndi citofu, firiji ndi makina ocapira. Mu 1948 malowo anachedwa Levittown. Mu 1949 kampaniyo inayamba kugulitsa nyumba za mtundu watsopano pa madola 7,990, ndipo cifukwa ca lonjezo lija la boma, msilikali wakale anali kubweza ngongole yace pang'onopang'ono, madola ngati 58 pa mwezi. Pofika 1951 panali pataima nyumba 17,447 pa minda ija ya mbatatesi. Anyamata ambiri amene makolo ao anakhala moyo wao wonse m'nyumba za lendi anakhala eni nyumba asanafike zaka 30.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsono tibwerere ku funso la anthu okana aja. Pa cinthu cimodzi iwo analakwa, pakuti nyumbazo sizinagwe. Zambiri ziripo kufikira lero, ngakhale eni ace anazikuza ndi kuzisintha kwambiri. Koma pa cinthu cina ananena zoona. Malo amene kale anali ndi alimi owerengeka anadzaza anthu oposa 60,000 pofika 1960, ndipo ambiri a iwo anali ana. A Levitt anapatula malo a masukulu ndi a machalichi, namanganso maiwe osambiramo, koma kumanga masukuluwo ndi kulipira aphunzitsi kunatsalira anthu eni ace. Popeza m'Levittown munalibe mafakitale akuru othandiza kupereka msonkho, katundu yense anagwera eni nyumba, ndipo msonkho wao unakwera caka ndi caka. Ndiponso nyumbazo zinamangidwa popanda mipope yaikuru yocotsa zonyansa. Iri yonse inali ndi dzenje lace. Patapita zaka, madzi a pansi pa nthaka anayamba kuipa, ndipo boma la dera limenelo linakumba miseu ndi kuika mipopeyo pa mtengo waukuru.

Akuru anati walira mvula walira matope. Khonsolo ikakhululukira womanga ndalama kapena lamulo, mseu, sukulu ndi mpope zimafunikabe. Mtengo wace sufafanizika. Umangosamukira pa mutu wa munthu wina, kapena pa caka cina ca m'tsogolo. Izi sizitanthauza kuti khonsolo ya Hempstead inalakwa. Zitanthauza kuti khonsolo yanzeru, isanakhululuke, imayamba yawerenga bwino nkuuza anthu ace poyera amene adzalipira.

AMENE ANATSEKEREDWA KUNJA

Pali cinthu cinanso cowawa cimene sitiyenera kucibisa. Anthu akuda a ku America oposa miliyoni imodzi anatumikira pa nkhondo yomweyo. Lamulo la GI Bill silinachule khungu la munthu, koma amene anali kupereka ngongole anali mabanki, ndipo amene anali kugulitsa nyumba anali makampani. M'cipangano ca lendi ca ku Levittown munalembedwa kuti nyumbayo isakhalidwe ndi munthu amene si mzungu, kupatula anchito a m'nyumba. Mu 1948 bwalo lalikuru la milandu la dzikolo linagamula kuti makhoti sangakakamize munthu kusunga mapangano otere. Mauwo anacotsedwa pa pepala, koma kampaniyo inapitirizabe kukana anthu akuda.

Sikunali ku Levittown kokha. M'boma la Mississippi, kafukufuku wa mu 1947 anapeza kuti mwa ngongole 3,229 zimene boma linaimira kumbuyo, ziwiri zokha ndizo zinapita kwa asilikali akuda. Mu August 1957 William Myers, msilikali wakale wakuda, ndi mkazi wace Daisy anagula nyumba ku Levittown yaciwiri, ya m'boma la Pennsylvania. Khamu la anthu linazinga nyumbayo usiku ndi usiku, likuponya miyala ndi kutukwana, kufikira apolisi a boma ndi khoti analowererapo. Lamulo loletsa tsankho pa kugulitsa ndi kubwereketsa nyumba linadza mu 1968, zaka 23 nkhondo itatha.

Ganizirani bwino, ana inu. Khonsolo ya Hempstead inafewetsa lamulo lace m'dzina la asilikali onse, koma sinafunse womangayo kuti, kodi onsewo udzawalandira? Nyumba imene inagulidwa madola 7,990 inakwera mtengo kwambiri m'zaka zotsatira, ndipo inakhala colowa ca ana ndi adzukulu. Banja limene linabwezedwa pakhomo linataya nyumba pamodzi ndi colowa comwe. Cimene khonsolo ikhululuka ndi cuma ca anthu onse a m'taunimo, motero iri ndi ufulu, ndiponso udindo, wouza womanga kuti, tikukhululukira izi, koma iwe ucite izi.

M'ZAKA ZA PAMBUYO PACE

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 makhonsolo ambiri a ku America, ataphunzira pa zimene zinacitika m'malo onga Levittown, anayamba kulipiritsa womanga ndalama zapadera zothandizira miseu, masukulu ndi madzi a anthu atsopano. Ndalama zimenezi zimakweza mtengo wa nyumba, ndipo cifukwa cace makhonsolo ena amazikhululuka ngati nyumbazo ndi za asilikali akale osauka kapena olumala. Palinso nyumba zazikuru zosungiramo asilikali okalamba ndi odwala. Boma lalikuru limalipira kufikira madola 65 pa madola 100 ali onse omangira nyumba yotere, ndipo boma la cigawo limalipira otsalawo. Matauni amapikisana kuti nyumbayo imangidwe kwao, ena popereka malo aulere, ena pokhululuka ndalama za cilolezo ndi za madzi. Amatero polemekeza asilikaliwo, komanso podziwa kuti nyumba yotere imabweretsa nchito za anamwino, ophika ndi osesa.

Bvuto la pogona silinatheretu. Mu 2010 anawerenga asilikali akale ngati 74,000 opanda nyumba pa usiku umodzi m'dziko lonse la America. Mu 2024 ciwerengeroco cinali citatsika kufika ngati 33,000. Cimene cinathandiza kwambiri ndi ndalama za boma lalikuru zolipirira lendi, zoperekedwa pamodzi ndi cithandizo ca cipatala, zimene zinaonjezedwa kuyambira 2008. Kukhululuka kwa khonsolo pakokha sikumanga nyumba. Monga ku Levittown, pamafunika boma lalikuru, banki, womanga ndi khonsolo, ali yense ndi mbali yace. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga makolo athu aja amene anacokera ku Burma? Boma la atsamunda silinawakonzere lamulo lofanana ndi GI Bill. Ambiri anabwerera kumidzi, kumene mfumu inawapatsa malo ndipo abale anawathandiza kudula mitengo ndi kumweta udzu. Ena anapita kukafuna nchito ku migodi ndi m'matauni. Mbiri yao yambiri sinalembedwe m'mabuku, koma ikali m'mitu ya ana ndi adzukulu ao, ndipo inu mukhoza kuthandiza kuti isatayike.

NCHITO YA M'KALASI

Aphunzitsi, mukatha kuwerenga nkhaniyi ndi ana, muwathandize kupeza New York, Washington ndi Burma pa mapu a dziko lonse. Pambuyo pace akambirane mafunso awa:

1. Kodi boma la America linaphunzira ciani pa zimene zinacitika mu 1932?
2. Fotokozani kusiyana kwa kupatsa munthu nyumba ndi kumuimira kumbuyo pa ngongole ya nyumba.
3. Banja likamalipira madola 60 pa mwezi, lidzakhala litalipira madola angati pa zaka 3?
4. Mukanakhala inu a khonsolo ya Hempstead mu May 1947, kodi mukanauza a Levitt kuti acite ciani musanasinthe lamulo?

Ana inu, mukafika kunyumba mufunse akuru ngati m'banja mwanu kapena m'mudzi mwanu munali munthu amene anapita ku nkhondo ya 1939. Mufunse kumene anapita, caka cimene anabwera, ndi amene anamthandiza kumanga nyumba yace. Mulembe zimene mudzamva m'kope lanu, ndipo mukawerengere anzanu m'kalasi mlungu wa mawa.

Tsalani bwino.